Bwezani Wolembera Anthu Masamu

Mlongo wanga Bwezani anabadwa ndi mutu wa masamu, koma nzeru zina zonse Mulungu anagawira ife. Ndikunena ine Estina, mkulu wake, amene ndinamubereka kumbuyo ali khanda. Ali wamng'ono ankakhala m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata n'kumawerenga malole, madzulo n'kudzatiuza kuti Lachisanu amadutsa ambiri kuposa Lachiwiri, ngati kuti alipo anamufunsa. Giledi 12 anakhoza bwino moti aphunzitsi anabwera okha kunyumba kudzagwira atate chanza. Chaka chomwecho atate anamwalira, ndipo nkhani ya koleji tinaikwirira nawo limodzi.

Anatsegula kantemba, kasitolo kakang'ono, pano pa Chinyunyu, pafupi ndi pamene ine ndimagulitsa matimati. Anaika sola padenga, n'kumatchaja mafoni a anthu, kenako anapeza kakompyuta kakale kosweka pakona. Ntchito yeniyeni inabwera yokha. Kuno aphunzitsi ambiri ndi achinyamata amaphunzira za koleji ali kunyumba, amangopita ku Lusaka nthawi ya mayeso. Koleji imawatumizira mafunso oyeserera pa foni: sitatisitiki, aljebura, kemisitire, ena mpaka zolemba mapulogalamu a kompyuta. Mmodzi anabwera kudzafunsa funso limodzi. Bwezani analiyankha ataimirira, akutafuna chimanga chootcha. Sabata yotsatira anabwera atatu.

Poyamba ankawaphunzitsa. Koma munthu amene walima m'mawa wonse, kapena walimbana ndi ana makumi asanu ndi limodzi m'kalasi, safuna kumva za x ndi y. Ankangosiya mapepala n'kunena kuti adzatenga Lolemba. Ena ankabweretsa nkhuku, ena thumba la makala, ena nsawawa. Bwezani analinso ndi kaluso kake konyansa: pepala lililonse ankaikamo dala cholakwa chimodzi, kuti aphunzitsi a ku koleji asadabwe. Munthu wooneka waulesi ankamuikira ziwiri. Zimenezi ankazinena akuseka, ndipo ine zinkandinyansa.

Mwa onsewo amene ankabwera kawirikawiri anali Jessy, mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje amene ankaphunzira unesi. Akabwera pa holide, mapepala ake ankafika pa kantemba iye asanalonjere ngakhale amayi ake.

"Ba Bwezani, nithandizeniko chabe iyi imodzi," ankatero. "Masamu ya mankhwala yanikana ine."

Imodziyo inakhala zaka ziwiri. Tsiku lina Jessy atangochoka ndinamutsina khutu mlongo wangayo.

"Iwe, anthu awa mawa azayamba kulasa anzao nyeleti. Manje iwe ndiwe uwalembera?"

"Asisi, ni homuweki chabe iyi. Mayeso azalemba okha."

Ndinamusiya. Munthu amene sanalakwitsepo samu amaganiza kuti salakwitsa chilichonse.

Zaka zinapita. Bwezani anakwatira Fridah, ndipo anabereka mwana wamkazi, Mapalo, kamwana kolongolola ngati wailesi. Jessy anamaliza sukulu, tinangomva kuti anamutumiza kwinakwake. Chaka chatha mu Febuluwale, mvula ili pakati, Fridah anapita kumaliro kwawo ku Shikabeta n'kusiya Mapalo ndi ife. Mwanayo anali ndi zaka zinayi. Lachiwiri anatentha thupi. Atate wake anamupatsa theka la piritsi la mutu, n'kunena kuti ndi chimfine. Lachitatu anakana phala. Lachinayi m'mawa, ine ndikuyala matimati, ndinamva Bwezani akukuwa dzina langa ndi mawu amene sindinawamvepo.

Mwana anali pamphasa akuphupha, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Thupi linali moto. Ndinamumanga kumbuyo ndi chitenje, ine n'kukhala pakaliyala, Bwezani n'kupalasa njinga. Minibasi sitikanaidikira. Tinalowera njira yamatope yopita ku kakiliniki kamene kali pafupi nafe, ndipo njira yonse ndinkamva kamutu ka mwana kakugunda pamsana panga ngati dzungu. Ndinkapemphera mokweza, koma chimene ndinkanena sindikuchikumbukira.

Pa kiliniki tinapeza amayi awiri pabenchi. Anatiuza kuti wamkulu wa pamalopo wapita kumsonkhano ku boma, watsala nesi mmodzi, watsopano. Chitseko chinatseguka, ndipo anatuluka Jessy, atavala zoyera.

Bwezani anaima ngati waponda njoka. Ndinaona nkhope yake ikusintha, ndipo ndinadziwa chimene ankaganiza, chifukwa nanenso ndinkaganiza chomwecho. Anandikoka chitenje.

"Asisi, tiyeni ku Mpanshya," ananong'ona, akunena chipatala chachikulu chomwe chili kutali.

"Na njinga? Wapenga?"

Jessy anali atamasula kale mwana kumsana kwanga. Sanatilonjere. Anamugoneka chammbali, anamubaya chala, n'kudontheza magazi pa kapulasitiki koyezera malungo. Mizere iwiri inatuluka nthawi yomweyo.

"Ni malungo yakulu," anatero. "Nizaitana ambulansi, koma izachedwa na matope aya. Afunika nyeleti yoyamba manje manje, apo ayi safika."

Anandiuza kuti ndikwere pa sikelo ndi mwana, kenako ndekha. Makilo 14. Anatenga cholembera, n'kulemba kuseri kwa kakhadi: 14, kuchulukitsa ndi 3, yankho 42. Anathyola kabotolo, anasakaniza ufa wa mankhwala ndi madzi ake, n'kuyamba kukoka mu jekeseni. Bwezani anali atasuzumira pakhadipo. Ndinangoona dzanja lake lagwira mkono wa Jessy.

"Ni 2.4," anatero. "Osati 3. Ni 2.4 pa kilo. Yankho ni 33.6."

"Ba Bwezani, nisiyeni."

"Iyi samu nailemba kopitilira ka 30! Nakulembela iwe wamene! Ufuna kunipaila mwana?"

Mawuwo anamveka mpaka pabenchi panja. Ndinene zoona, ndinakhulupirira mlongo wanga. Uyu ndi munthu amene sindinamuonepo akulakwitsa nambala chibadwire, ndipo uyo ndi mtsikana amene ndinkamuona ndi maso angawa akusiya mapepala opanda kanthu n'kudzatenga odzaza. Ndinayang'ana jekeseni ija, madzi ake oyera mbee, ndipo ndinaopa kuti imfa ya Mapalo ili m'menemo. Ndinayang'ananso mwana, milomo itayamba kuda, n'kuona kuti imfa ili kale m'thupi. Kothawira kunalibe.

Jessy sanakweze mawu. Thukuta linali pamphuno pake.

"Mapepala yaja munali kulemba, odwala benze na makilo yangati?"

Jessy anadziyankha yekha.

"60. 70. Benze bakulu bonse. Mwana osafika makilo 20 timupasa 3. Ivo sivinali pa homuweki, tinaviphunzila mu wodi."

Bwezani anatulutsa foni ndi dzanja linalo kuti afufuze. Netiweki panalibe, ngakhale kamzere kamodzi. Anaikweza m'mwamba, anaitembenuza, anayandikira pawindo akukoka mkono wa Jessy. Palibe. Munthu amene ankayankha mafunso a boma lonse la Rufunsa analibe pomwe angaonere yankho la funso limodzi lokhali. Ndipo nthawi yomweyo Mapalo anayambanso kuphupha, timiyendo tikumenya bedi lachitsulo.

"Mwana ni wanu," anatero Jessy. "Mukafuna 33 yanu, kambani, nizachosako. Koma kambani manje."

Sindidzaiwala mmene mlongo wanga anamuyang'anira mtsikana uja. Ankafunafuna pankhope pake chinthu choti akhulupirire, ndipo chimene ankakumbukira ndi mapepala okhaokha. Choipa chitsata mwini, akuluakulu anatero, koma tsiku limenelo chinatsata kamwana kosalakwa. Ndinafuna kumumenya mlongo wangayo, ndinafunanso kumugwira kuti asagwe. Zala zake zinamasuka chimodzichimodzi.

"Lasani yanu," anatero, mawu ali pansi.

Jessy anabaya pantchafu. Bwezani anatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa thanki ya madzi.

Ambulansi inafika dzuwa litapendeka. Maola onsewo ine ndinali nditagwira kaphazi ka mwana, Bwezani ataima pakhomo akuwerenga mpweya wa mwanayo ndi milomo. Kuphupha kunasiya, koma maso sanatsegule. Nthawi iliyonse mpweya ukachedwa pang'ono, Bwezani ankatembenukira kwa Jessy. Tikafunsa, Jessy ankangoti tidikire. Ku Mpanshya adokotala anawerenga kakhadi kaja, Bwezani maso ali pakamwa pawo. Anangogwedeza mutu n'kuuza nesi wa kumeneko kuti nyeleti yachiwiri ikhale chimodzimodzi, 42. Mlongo wanga anakhala pansi pasimenti pomwepo, anthu akumudutsa.

Loweruka m'mawa Mapalo anatsegula maso, anayang'ana amayi ake amene anali atafika usiku wake, n'kufunsa chifukwa chake sanamubweretsere vitumbuwa. Fridah analira, ine ndinaseka, kenako tinasinthana.

Patapita sabata ziwiri Bwezani anandipempha kuti ndimuperekeze ku kiliniki kuja. Yekha ankachita manyazi. Tinapeza Jessy akupanga sikelo ya ana pansi pa mtengo, ndipo tinadikira mpaka mayi womaliza atapita. Bwezani anavula kapu. Anapepesa mozungulira, monga amachitira amuna, mpaka ine ndinamuthandiza kufika pa mawu enieniwo.

Jessy anamvetsera akupukuta sikelo.

"Simunalakwe kuyopa," anatero. "Mayeso yoyamba n'nafeluka, Ba Bwezani. N'nangena mu holo, n'naona samu yamene munanilembela kambili, n'nakangiwa na poyambila. N'nabwezela chaka chonse. Mapepala yonse yaja n'nayambilanso neka, nikulila. Ndiye chifukwa simunanionenso pa kantemba."

Bwezani anapumira m'mwamba, nkhope ikumasuka koyamba chiyambire matenda aja. Koma Jessy anali asanamalize.

"Ine n'nachita mwayi kufeluka. Lucky na Davies, baja benze kubwela na ine, beve banapasa. Mafunso ya masamu banayalumpha, banapasila ku vinangu."

"Ali kuti manje?"

"Basebenza. Umodzi ali ku chigwa uko, winangu sinidziba kwamene banamutuma."

Pobwerera sitinakwere njinga, tinkangoikankha. Ndinamva mlongo wanga akutchula mayina pansipansi, akupinda zala pa handulo: uyu wa unesi, uyu wa zoyeza magazi, uyu amaphunzitsa kemisitire ku sekondale, uyu wa mankhwala a ziweto. Zala zinatha mayina asanathe, anayambiranso.

Kantemba kakadalipo. Ophunzira amabwerabe, koma tsopano amawakhazika pabenchi, cholembera m'manja mwawo, ndipo ambiri sabweranso kachiwiri. Anthu amati Bwezani wayamba kuuma mtima. Sadziwa kuti mwana aliyense akatentha thupi pano pa Chinyunyu, ngakhale wa munthu wongodutsa, iye amasiya zonse n'kuthamangira kwa mayi wake kukafunsa kuti mupita naye kuti, ndipo nesi wa kumeneko dzina lake ndani.