Mayi Thovu, Amene Dzina Lawo Munalibe

Tinkawatchula Mayi Thovu chifukwa manja awo sankauma. Anali mwana woyamba m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo sukulu anailekera panjira mayi awo atamwalira, kuti alere azing'ono awo. Kuchapa anayamba akadali wamfupi, ataimirira pa ndowa kuti afikire sinki. Atakwatiwa, mwamuna anawasiyira mwana mmodzi n'kupita kokafuna ntchito. Mpaka lero akuifunabe.

Zaka makumi awiri ndi zitatu anagwira ntchito m'chipinda chochapira cha chipatala, pansi penipeni, kumene makoma amachita thukuta ndi nthunzi. Loweruka lililonse ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa kuno ku parishi, osapempha ngakhale sopo. Ukawathokoza ankaseka: "Iii, siyani zimenezo. Ine ndimachapa nsalu basi, mitima amachapa Mwiniwake."

Matenda a matuza aja otchedwa mpox atafika, zofunda za odwala zinkatsikira kwa iwo zili mafinya ndi nkhanambo zokhazokha. Katemera anabwera wochepa, ndipo akuluakulu analengeza kuti ayambira anthu amene amakhudza odwala ndi zovala zawo. Zinali zomveka. Koma mndandanda anautenga ku ofesi, wa anthu okhala ndi khadi la chipatala, pomwe ochapa analembedwa ntchito ndi kampani ina. Kalaliki anabayidwa. Dalaivala wa bwana anabayidwa. Mayi Thovu anavula epuloni n'kukwera masitepe kawiri konse.

"Amayi, dzina lanu mulibe muno," anatero namwino wogwira mndandanda.

"Onaninso bwino, mwanangu. Zofunda zonse zija zimathera m'manja mwangamu."

"Ine ndingowerenga zolembedwa, amayi. Pepani."

Anatsika n'kukapitiriza kuchapa.

Patapita masiku, matuza anatuluka m'manja, kenako kumaso. Anali kale ndi matenda a shuga, thupi silinalimbe. Achipatala anawauza kuti akadzipatule kunyumba, ndipo apa ndilemba ndi manyazi komanso mkwiyo. Ife a mpingo tinayamba kunong'onezana kuti awa ndi matenda a anthu oyendayenda. Mayi woti njira yake inali ya kuntchito ndi kutchalitchi basi! Nsalu zimene anasita komaliza tinaziwotcha kuseri kwa holo. Kulowa m'nyumba kunali koletsedwa, inde, koma ndani anatiletsa kuima pawindo n'kuwaimbira nyimbo imodzi? Palibe anapita. Ngakhale ine, mlembi wa bungwe loyendera odwala, sindinapondeko.

Amene anawasamalira ndi mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo uja, wogulitsa masamba pamsika. Anatseka benchi, n'kumawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa madzi ndi sipuni. Iye ndiye anatiuza mawu awo omaliza: "Usawakwiyire anthu, mwanangu. Mantha nawonso ndi matenda." Mayi Thovu anamwalira Lachiwiri m'mawa, mwakachetechete, korona ali m'manja okulungidwa mabandeji.

Lamlungu lotsatira, Misa itatha, a zaumoyo anafika ndi bokosi la katemera wokwanira anthu khumi ndi awiri. Anati ndi wa okhawo amene anakhudza malemu kapena kuwadwazika. Abale, mzere wake! Mwadzidzidzi aliyense anakumbukira kuti anawanyamulira madzi, anawapukuta thukuta, anawagwira dzanja. Mkulu wa kwaya analumbira mpaka misozi. Ine ndinali wachitatu pamzerewo, ndipo mkono ndinapereka osaphethira.

Mpongozi uja anafika mochedwa, chifukwa ankatsuka chipinda cha malemu ndi mankhwala monga anamulangizira. Anapeza bokosi atalitseka. Sanakalipe. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, ife tili ndi tithonje pamikono, kenako anabwera kwa ine.

"Alembi, mukalembe bwino za amayi. Ankakukondani."

Anatambasula dzanja kuti andipatse moni. Pamkono pake panali thuza limodzi, laling'ono, longotuluka kumene. Ine dzanja langa ndinalibweza m'thumba.