Chotupa Chakuda Kummero kwa Amayi

Amayi ankagulitsa mabulosi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba, ndipo pakamwa pawo sipankauma. Atayamba kutsamwa ngakhale ndi phala, ife ana awo ku Matawale tinkangowanena kuti asiye kulankhula akudya.

Kuchipatala ku Blantyre anawaunika kummero n'kupeza chotupa chakuda ngati khala. Dokotala anati ndi khansa imene kawirikawiri imamera pakhungu, kummero ndi mwa apo ndi apo. Anawachita opaleshoni, kudula mbali yodwalayo n'kukokera chifu m'mwamba kuti alumikize. Wowadikirira ndinali ine, mwana wawo wachisamba.

Pakhonde la wodi dokotalayo anandiuza mosapsatira mawu kuti chotupa chachoka, koma khansa yamtunduwu imabwerera msanga, ndipo amayi atsala ndi miyezi yowerengeka. Anafuna kuti awauze yekha. Ndinakana kwamtuwagalu. Kwathu wodwala sauzidwa za imfa yake, timati umamudula mtima. Amalume anandiyamikira kuti ndachita zakupsa.

Amayi anabwerera kunyumba akudya timasipuni tiwiri titatu, kugona atatsamira mapilo, koma kulalata kuli pomwepo. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kukaona akulu awo ku Milanje, ku Mozambique, amene anasiyana nawo pothawa nkhondo. Tsiku lina, mitambo ya mvula yoyamba itakuta phiri, anandiitana.

"Iwe ndiwe unalankhula ndi adokotala. Ndinyamuke pompano, kapena ndidikire mvula ithe?"

Yankho ndinkalidziwa. Koma amayi sanali ogona, ndikanangoti pompano akanazindikira zonse.

"Ithe kaye mvula, amayi. Mwachira inu, mukuthamangira chiyani?"

Anamasula kathumba kamene anali atamanga kale, n'kubwezera nsalu zawo m'sutikesi. Mpaka lero ndimadzikwiyira ndikakumbukira mmene anandikhulupirira.

Anamwalira chimanga chikumasula ngayaye, maso atachita chikasu, thupi litatha. Amayi aakulu aja anafika titaika kale maliro, matope mpaka m'mawondo. Sanalire mokweza. Anakhala pansi pakhomo, n'kundigwira dzanja.

"Mwanawe, anandilembera kuti wachira, abwera mvula ikatha. Imfayi yangokudzidzimutsani, eti?"

Amalume anazolika.

Ndinati eya.