Zikhomo Zinaphuka

Chaka chimene boma linalamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi nkhalango yakeyake, ine n'kuti nditangoyamba kumene uphunzitsi pa sukulu ya m'mudzi mwathu momwe, kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Kuphunzitsa kumudzi kwanu n'kovuta. Ana amakutcha aphunzitsi m'kalasi, koma amayi awo amakumbukirabe tsiku limene unagwa mumtengo wa mango uli ndi kamwa lodzaza.

Popeza ndinali mtsikana, wamng'ono pa aphunzitsi onse, ahedi anandisenzetsa kalabu ya zanyama zakutchire, imene anzanga onse anali ataikana. Lachitatu masana tinkakhala pamthunzi, ine n'kumawauza ana kuti njovu ndi chuma cha dziko, kuti nsomba za mpasa tisamazitchere pamene zikukwera Bua kukaikira mazira, kuti moto wolusa ndi mdani. Anawo ankavomera mwamphamvu ndipo nyimbo zake ankaziimba bwino. Ambiri a iwo anali atadya mpasa yomweyo dzulo lake. Inenso ikafika pambale sindinkaifunsa kumene yachokera.

Amayi anga ankanditcha aphunzitsi a njovu, ndipo ponena sankaseka. Munda wawo waukulu unali kumtunda, kumalire ndi gemu, nkhalango ya boma yosungirako nyama. Chaka cha m'mbuyo mwake njovu zinatsika n'kuzula chinangwa ngati munthu akuzula mtedza, chotsala nguluwe zinamaliza. Agemu anabwera mochedwa, anawombera m'mwamba, anabwerera. Amayi anausiya mundawo. Unatsala umodzi waung'ono, pakati pa sukulu ndi msewu, umene anawasiyira amayi awo. Bambo anali atamwalira kalekale, ndipo pakhomo tinalipo ine, amayi ndi ana a malemu mchemwali wanga. Tonsefe m'kamwa mwathu munkalowa za m'munda umenewo.

Kwathu chinangwa sitikolola kamodzi n'kuika m'nkhokwe monga amachitira a chimanga kumtunda. Nkhokwe yathu ndi nthaka yomweyo. Umakumba chongokwanira masiku ochepa, kusenda, kuviika m'madzi kuti kuwawa kuchoke, kuyanika pathandala, kusinja, kondowole n'kupezeka. Pamene wazulapo umathyola mtengo wake n'kuzika pomwepo, ndipo masamba ake ndiwo chigwada chathu. Munthu wokhala ndi munda wa chinangwa, ngakhale waung'ono, amagona tulo.

Tsiku lobzala mitengo linkakhala mu Januwale, mvula itakhazikika. Kutatsala masabata ochepa, atcheyamani a chipani a m'dera lathu anabwera kusukulu. Anazungulira ndi ahedi, manja kumbuyo. Kuseri kwa makalasi kunali malo ambiri a udzu wokhawokha, koma atcheyamani anati alendo ochokera ku Boma sangadetse nsapato kupita kumeneko, ndipo chitukuko chiyenera kuoneka munthu ali pamsewu. Anaima m'mphepete mwa munda wa amayi n'kuloza ndi ndodo.

Ahedi anali munthu wofatsa amene ankaopa ngakhale chithunzi cha pakhoma la ofesi yawo yomwe. Anandiitana n'kundipempha kuti ndikawauze amayi mwaulemu kuti m'munda mwawo mubzalidwa mitengo ya sukulu. Mtima wanga ndi wapachala, ndinabadwa nawo choncho, ndipo ndinayamba kulankhula mokweza za malo a kuseri aja. Iwo anadzuka n'kutseka chitseko. Anandifunsa motsitsa mawu ngati ndikufuna kuti atcheyamani amve kuti pasukulu pano pali mphunzitsi wotsutsa chitukuko. Masiku amenewo mawu otere ankatha kumuchotsa munthu ntchito, ndipo ena ankawachotsa ndi pakhomo pomwe. Ndinatuluka n'kulunjika kunyumba.

Amayi ndinawapeza akusinja chigwada. Ndinafotokoza zonse, iwo munsi osauika pansi. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Mitengo yakeyo imabala chiyani?"

Ndinati siibala kanthu, ndi bulugamu, wa milimo ndi nkhuni. Anati chabwino, n'kupitiriza kusinja.

Tinakumba munda wonse nthawi imodzi, chokhwima ndi chosakhwima chomwe, mvula ili pamsana. Kuviika tinaviika, koma dzuwa loyanikira kunalibe. Makaka anada, anachita nkhungu, ena tinawaumitsa pamwamba pa moto mpaka kondowole wake ankanunkha utsi. Ana ankadya akukwinya nkhope. Mitengo ya chinangwayo amayi anaiunjika pamthunzi m'mphepete mwa munda, kuti mwina wina angawabwereke malo mbewu isanaume.

Tsikulo litafika, lole inabweretsa mbande m'timachubu takuda. Anyamata a malaya ofiira anaima pamsewu kuona makadi a chipani, ndipo amayi a m'mudzi anavala nsalu za chipanicho n'kuyamba kuimba, amayi anga ali pakati pawo, akuwomba m'manja pamalo pomwe ankalimapo. Mlangizi wa zankhalango anationetsa kakumbidwe ka dzenje ndi kang'ambidwe ka chubu. Kenaka anati pambali pa mbande iliyonse pazikidwe chikhomo, kuti mizere ioneke bwino ndiponso anthu asaponde. Za zikhomo palibe amene anali atatiuza. Ahedi anayang'ana kumsewu kumene alendo ankayembekezeka, thukuta lili kamukamu, n'kulamula ana kuti athamange akapeze timitengo msanga.

Kunyanja kulibe tchire lapafupi loti n'kuthyolako timitengo. Chimene chinali pafupi ndi mulu uja wa amayi. Ana anaugwera, ndipo anachita zimene manja awo ankadziwa kuyambira ali aang'ono: kuthyola mtengo utali wa kuchokera pachigongono kufika padzanja, kuuzika mopendeka pang'ono, maso ake atayang'ana kumwamba, n'kupondera dothi ndi chidendene. Mwana wa kwathu sadziwa kuzika mtengo wa chinangwa chozondotsa, ngakhale utamuuza kuti ndi chikhomo chabe. Palibe amene anapangana ndi mnzake. Ine ndinaona, ndinatseka pakamwa. Nditayang'ana kwa oimba, ndinapeza amayi akuyang'ananso komweko, manja akuwombabe.

Mlendo wamkulu anabzala mbande imodzi, anamuthirira madzi m'manja, analankhula nthawi yaitali. Kalabu yanga inaimba nyimbo ya njovu. Magalimoto asanafike patali mvula inagwa yambiri.

Sipanapite nthawi, ana anandithamangira m'mawa wina akuseka, akuti zikhomo zaphuka. Zinalidi zitaphuka, mzere ndi mzere, timasamba tofiirira pambali pa bulugamu aliyense. Ahedi anabwera, anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti zikhomozo analamula ndi mlangizi wa boma, ndipo iwo sangazule chimene boma linalamula. Tsiku limenelo ndi loyamba limene mantha awo anandisangalatsa.

M'mawa mwake amayi anafika ndi khasu paphewa. Anagwada pakhomo pa ofesi n'kunena kuti abwera kudzapalira mitengo ya boma. Ahedi anawathokoza ndi manja awiri.

Ndipo anapaliradi. Anaunjikira dothi chikhomo chilichonse, ndipo popeza mbande inali pomwepo, nayonso inkalandira dothi. Anatchinga munda wonse ndi minga chifukwa cha mbuzi ndi ng'ombe. Paliponse pamene aona chiswe ankathirapo phulusa. Chilimwe chitafika analambula m'mbali monse kuti moto usalowe. Chigwada chinabwerera pakhomo, ndipo ine ndinkayenda mopepuka, ndikuganiza kuti tawapusitsa onse, atcheyamani ndi ndodo yawo yomwe.

Maso anga anatseguka pamsonkhano wa aphunzitsi ku Boma, nyengo yotentha mvula ili pafupi. Pa nthawi yopuma anzanga a sukulu zina ankaseka za nkhalango zawo. Kwina udzu unamiza mbande, kwina chiswe chinadya, kwina moto unadutsa. Kunatsala maenje okha. Eni malo anali atayamba kale kubwerera mwakachetechete n'kumalima, ndipo palibe amene ankawafunsa, chifukwa alendo sabwera kudzaona mitengo yakufa. Atandifunsa za kwathu ndinati yathu yonse ili moyo, ina yafika kale m'chiuno. Anandiyamikira. Ine ndinanyamuka ndikuganiza za munda wa amayi.

Nditafika kunyumba sindinadikire n'kuvula nsapato komwe. Ndinawafotokozera amayi kuti mitengo ija ikakula chinangwa sichidzameranso pamenepo, ndipo kuti akuilera ndi iwo omwe. Ndinati asiye kuthira phulusa, asiye kupalira pafupi ndi mbande. Ndiye ndinanena zimene zinali kumtima.

"Khasu limaterereka, amayi. Lero umodzi, mawa wina. Ndani angadziwe?"

"Langa siliterereka," anatero. "Chinthu chili moyo, anabzala ndi ana, ndichidule ine? Ndikamuuza chiyani Mulungu?" Kenaka anawonjezera. "Ndipo ikauma, amene amalowa m'mundamo tsiku ndi tsiku ndani? Adzati wapha ndi mayi wa mphunzitsi. Ntchito ikakuthera tidzadya njovu zakozo?"

Ndinakwiya kwambiri, ndipo chimene chinandikwiyitsa koposa n'chakuti ankanena zoona. Kusukulu zina mitengo inafa yokha popanda woiyang'ana. Kwathu inali ndi mwini wodziwika, ndipo kufa kwake kukanakhala mlandu. Zikhomo zija zinatipatsa chakudya, koma zinawamangiriranso amayi kumitengoyo.

Chaka choyamba chinangwa chinabereka bwino. Tsiku lobzala mitengo litabweranso, alendo anaima pamsewu n'kuona nkhalango yokhayo m'dera lonse imene inali yobiriwira. Atcheyamani analoza ndi ndodo ija ngati anabzala okha. Mlangizi anati kusakaniza mbewu ndi mitengo ikadali yaing'ono ndi nzeru yabwino, ena atengerepo phunziro. Anawaitana amayi kutsogolo, anthu anawomba m'manja, iwo anagwada n'kubwerera pamalo pawo. Kalabu yanga inatchuka mpaka ku Boma. Ndinapitiriza kuphunzitsa za ubwino wa mitengo, ndipo sindinkanama, chifukwa mapiri a kumtunda anali atayamba kale kuyera ndipo madzi a Bua ankabwera ofiira. Kungoti pophunzitsa ndinkakhala chofulatira zenera.

Chaka chotsatira chinangwa chinatalika, chowonda, chikufunafuna dzuwa. Bulugamu amamwa madzi ngati ng'ombe, ndipo pamene masamba ake agwera sipamera kanthu. Amayi ankakumba phata lonse n'kupeza timizu ngati zala. Anayesanso chaka china, kenaka tsiku lina anabwera ndi dengu lopanda kanthu, anaika khasu pakhonde, ndipo kumundako sanapitenso. Ine sindinawakumbutse zimene ndinawauza, ngakhale lilime linkandiyabwa.

Njala yeniyeni sitinafe nayo. Wachibale wina anawabwereka kamzere kudambo, ndipo nthawi yodula mpunga ankapita kukathandiza m'minda ya anthu n'kubwera ndi kachitini. Ntchito yanga inatigwira. Koma mayi amene moyo wake wonse ankalowa m'munda mwake n'kutuluka ndi chakudya anayamba kudikira kuti mwana wake abweretse ufa wa kumsika, ndipo zimenezo zinawakalambitsa msanga. Podutsa pamsewu ankaimabe n'kuyang'ana mitengoyo kuyambira pansi mpaka kunsonga. Nthawi zina ankandiuza kuti wakutiwakuti wapendekeka, ana asamakwere. Ankaidziwa umodziumodzi. Sindikudziwa ngati ankaikonda kapena ankadana nayo, ndipo ndikukayika ngati iwo eni ankadziwa.

Anamwalira patapita zaka zambiri, mitengoyo itapitirira kalekale denga la sukulu kutalika. Ife Asilamu sitichedwetsa maliro, ndipo m'manda timayala mitengo pamwamba pa thupi kuti dothi lisaligwere. Mwana wamkulu wa mchemwali wanga, amene tsopano anali bambo wandevu zake, anati mitengo yabwino yapafupi ndi ya kusukulu. Ahedi akale aja anali atasamutsidwa. Atsopanowo sankadziwa kuti pamalopo panali munda wa munthu, ndipo anayankha mwaulemu kuti nkhalango ndi ya sukulu, ayambe afunsa a komiti. A komiti analola mtengo umodzi, wa kumapeto.

Akazi sitipita kumanda. Ndinakhala m'nyumba ndi amayi anzanga, ndipo nkhwangwa inkamveka bwinobwino kuchokera kumsewu, kenaka kugwa kwa mtengo. Amuna atabwerako, mwana uja anadzakhala pafupi nane, manja ake akununkhira bulugamu. Ndinamufunsa ngati mtengowo unakwanira. Anati unakwanira, wina n'kutsala, ndipo wotsalawo aubweza kusukulu.