Maso Obwereka

Amuna anga pagalaja amawatchula kuti a Dekhani, chifukwa amenewa ndiwo mawu awo oyamba kwa aliyense wobwera ndi galimoto yofa. Ndi makaniko chikwatiranireni, ndipo ine ndakalamba ndikuchapa maovolosi onunkha oyilo. Munthu wouma mutu ngati iwowa sindinamuonepo. Akamanga injini saliza ndi kiyi asanaizungulitse ndi dzanja, sipanala ili pabawuti yapansi, kuti amve ngati muli chogunda. Anzawo amaseka, amvekere akuluwa amanyengerera zitsulo kuposa akazi awo. Pamenepo sanama.

Ng'ala inayamba kuwakuta m'maso chaka chatha. Ndinazindikira ndine, nditawaona akuthira tiyi pambali pa kapu. Za kuchipatala anakanitsitsa.

"Bwana akangomva, ntchito yatha," anatero. "Ndani angasunge makaniko wosaona?"

Ndinakalipa mpaka kutopa, koma mantha awo ndinkawamvetsa. Ntchito ija ndiyo inkatidyetsa, ndiponso munthu uja ukamuchotsera sipanala satsala ndi kanthu.

Kenaka kunabwera galimoto ya mlongo wawo wa bwanayo, yogula yoyendapo kale. Lamba wa taimingi anaduka ili paliwiro. Lamba ameneyu ndi amene amachititsa kuti mavalavu ndi mapisitoni aziyenda mopatsana mpata, ndiye atangoduka zinagundana, mavalavu n'kupindika. Choipitsitsa n'chakuti isanagulidwe, amene anaiyendera n'kunena kuti lamba ali bwino anali a Dekhani. Ming'alu yake sanaione.

"Ikafanso m'manja mwanu, munyamule bokosi lanu," bwana anawauza pamaso pa anthu.

Mavalavu atsopano amuna anga anawaika mopapasa, poti zala zawo zimadziwa njira. Chinatsala n'kulunjikitsa zizindikiro za pamagiya asanakoleke lamba watsopano, ndipo izi zimafuna maso. M'mawa mwake anandiyankhula akumanga nsapato, osandiyang'ana.

"Mayi, lero chakudya mubweretse pagalaja nokha. Ndikufuna ndibwereke maso anu."

Ndinafika masana anzawo atapita kokadya. Boneti inali yotsegula, mabawuti atandandalikidwa pakatoni. Anandipatsa tochi, nandikokera pafupi.

"Pagiya yapamwambayi pali kachizindikiro. Ine ndizizungulitsa, inu mundiuze kakafika pamzere uwu."

"Kotani?"

"Mukaona. Palibenso kena."

Ndinaona kadontho ka penti yoyera. Kanabwera pang'onopang'ono mpaka kufika pamene panali chala chawo. Ndinati basi. Anakoleka lamba, namanga. Thukuta linali kamukamu ngakhale kunali mphepo.

Nthawi yomweyo bwana anatulukira, mlongo wawo ali pambuyo, kiyi ali m'manja.

"Yatha? Tiyeni tilize, mayiwa adikira mokwanira."

"Dekhani, bwana. Ndizungulitse kaye."

"Aaa, inunso! Zanu zomwezo?"

A Dekhani anakoleka sipanala pabawuti ija, nayamba kukoka. Inayenda pang'ono, kenaka gwa! Anabwezera m'mbuyo, nayesanso mofatsa. Inaima pomwe paja. Ine za injini sindidziwa, koma nkhope ya amuna anga ndimaidziwa. Pisitoni inali itatsamira valavu. Akanaliza ndi kiyi, zonse zikanaphwanyikanso.

"N'chiyani?" anafunsa bwana.

Amuna anga anayenda ndi chikhadabo m'mphepete mwa giya ija, koma girizi wouma anali ataphimba paliponse. Anandinong'oneza: "Mayi, munaona chiyani?"

"Kapenti koyera."

Anatsinzina. Pambuyo pake ndi pamene anandifotokozera kuti galimoto zoyendapo kale zimabwera ndi mapenti a amakaniko ena, oikidwa pazifukwa zawozawo. Chizindikiro chenicheni ndi kamng'alu kakang'ono kodinda pachitsulo. Iwo ankaganiza kuti aliyense amadziwa zimenezi. Ine ndikanadziwira kuti, munthu wogulitsa zovala?

Bwana anali atayandikira. Ndinkadziwa kuti amuna anga angathe kunama, kunena kuti lamba watsopanoyo ndi wolakwika, n'kupeza tsiku lina loti tiyesenso. Mumtima ndinkawapempha kuti aname ndithu. Ndinkaopa njala, sindibisa.

Iwo anaika sipanala pansi, napukuta manja nthawi yaitali.

"Bwana, tengani tochi mundipezere chizindikiro. Ine sindikuona."

"Mdima eti? Tikankhire panja."

"Ayi. Maso. Chaka chatha chonse ndakhala ndikugwira ntchito yanu ndi zala. Lamba wa mayiwa, poiyendera galimoto paja, sindinamuone."

Mlongo uja anagwira pakamwa. Bwana anawayang'ana, nayang'ananso ine ndi tochi yanga, ndipo ndinachita manyazi ngati andigwira ndikuba. Kenaka bwanayo anapinda malaya, nandilanda tochiyo. Anapala girizi uja ndi sikuludiraiva mpaka kamng'alu kanaoneka, mano angapo a giya kuchokera pa penti yanga ija. Anamasula lamba, nalunjikitsa, a Dekhani akuwauza chochita. Atamanga, amuna anga anazungulitsanso ndi dzanja. Inayenda myaa, osagunda paliponse. Mlongo uja atapotokola kiyi, injini inalira bwinobwino.

Palibe anaomba m'manja. Bwana anayankhula akuyang'ana pansi.

"A Dekhani, galimoto za anthu sindingakupatseninso. Mukudziwa nokha. Pitani kuchipatala, zinazo tidzakambirana maso akachira."

"Ndamva, bwana."

Bokosi la zitsulo ananyamula okha, ine ndinanyamula chakudya chija chosadyedwa. Mkwiyo unali utandifika pakhosi, koma sindinkadziwa kuti ndikwiyire ndani. Titafika pamsewu waukulu, magalimoto ali vuuvuu, anaima m'mphepete nthawi yaitali. Kenaka ndinamva dzanja lawo lokhakhala likugwira mkono wanga, anthu onse akuona.

"Mayi," anatero, "ndiwolotseni."