Besi ya pa Mpando Wakumbuyo

Mwamuna wanga ankaimba besi mu kwaya ya kumpingo kwathu ku Area 23. Atamwalira anandisiyira ana awiri, jekete imodzi ndi kaseti yomwe kwayayo inajambulitsa chaka china. Kasetiyo ndinkaiika m'kawailesi kanga ka mabatire, koma kawailesi aka kanali ndi tsankho. Kankangotulutsa amayi a sopulano okhaokha, makamaka mayi wina wa mawu okanda m'khutu amene ine ndi iye sitinkamwerana madzi. Abambo a besi kankawameza onse.

Patapita zaka ziwiri ndinazindikira chinthu chimene chinandiopsa: mawu a mwamuna wanga ndinali nditayamba kuwaiwala. Nkhope sinavute, chithunzi chinali pakhoma. Koma ndikati ndikumbukire mmene ankandiitanira, m'mutu munkangoti zii, kapena munkabwera mawu a munthu wina, tsiku lina mpaka a wogulitsa makala. Zinkandiwawa kwambiri, ndipo ndinkachita manyazi kuuza munthu.

Mlamu wanga, mng'ono wake wa malemuyo, ankayendetsa minibasi ya m'tauni. Masiku amenewo minibasi yopanda nyimbo inali ngati ndiwo zopanda mchere, ndipo yake inkamveka isanaoneke. Lamulungu lina masana ndinalimba mtima n'kumupempha kuti andiikire kaseti ija.

"Alamu, apa ndiye mwafika," anatero akudziguguda pachifuwa. "Besi kwawo ndi kuno."

Ataiika, magalasi anayamba kunjenjemera, nkhuku za aneba n'kubalalika. Munthu woimba sindinamve ndi mmodzi yemwe. Mlamu wangayo anali atapotokola timabatani tonse ta ampulifaya, chipangizo chokwezera mawu, mpaka pothera, poganiza kuti kalikonse kozungulira ndi ka voliyumu. Madalaivala anzake onse ankatero, wina kuonera mnzake.

"Mwawamva achimwene?"

"Ndamva chigayo," ndinamuyankha.

Anakhumudwa, koma mawa lake anataya maulendo awiri n'kunditengera ku Biwi, kwa mmisiri wina wa zoimbira za m'galimoto. Anali bambo wachikulire wa Kumpoto, wovala malaya omanga mabatani mpaka m'khosi ngakhale kunali kotentha kwa Okutobala. Anamvetsera nkhani yanga osaseka. Kenako anagwada, n'kusuzumira pansi pa mpando, n'kupukusa mutu.

"Adalaivala, mukulilanga bwanji galimotoli? Linakulakwirani chiyani?"

Anandionetsa kabokosi kena kokhala ndi tizitsulo topotokola ndi sikuludalaiva. "Aka, Amayi, timati kolosova. Ntchito yake ndi kugawa, ngati amayi ogawa ndiwo paukwati. Mawu osongoka amapita ku timasipika ta kutsogolo, apakati ku masipika a m'zitseko, akuluakulu ku chibokosi cha kumbuyo. Tsono alamu anuwa anakauza kuti chibokosi chizilandira mabingu okha. Mawu a munthu, ngakhale a besi, amakhala pamwamba pang'ono pa mabingu. Ndiye amuna anu akugwera pakati, palibe akuwalandira."

Mawu akuti palibe akuwalandira ndinawabwereza chamumtima.

Bamboyo anali ndi kagwiridwe kakekake ka ntchito. Sankakonza atakhala pa mpando wa dalaivala. Ankati nyimbo imakonzedwera pamene pakhale mwini khutu. Anandikhazika pa mpando wakumbuyo, pamwamba penipeni pa chibokosi, anatulutsa mlamu wanga panja, n'kutseka mawindo onse. Anabweza timabatani tonse pansi mpaka minibasi inangoti chete, kenako n'kuyamba kukweza kamodzikamodzi, pang'onopang'ono, atatsinzina.

Ndimakumbukira masana amenewo ngati maloto. Kunja anthu ankawotcherera mageti, moto wabuluu ukuthwanima koma phokoso lake osafika kwa ine. Fumbi linkayandama m'kuwala kolowera pagalasi. Mayi wina anadutsa atasenza nthochi, akuyenda ngati ali m'madzi. Ndipo kwaya inayamba kulowa m'minibasimo mzere ndi mzere, monga inkalowera m'tchalitchi. Anayamba a sopulano, ndipo ngakhale mdani wanga uja tsiku limenelo ankamveka bwino. Analowa a alito, n'kubwera a tena. Ndinaona mabenchi, ndinamva fungo la polishi wa pansi. Bambo uja anapotokolanso pang'ono, ndipo kumbuyo kwa onsewo kunatulukira abambo a besi.

Analipo anayi. Ndinatchera khutu mpaka thukuta linatsika m'khosi. Ankaimba pamodzi, mofanana, ngati munthu mmodzi wa pakamwa panayi. Ndinali nditavutitsa anthu, nditatayitsa mlamu wanga maulendo awiri, ndipo mwamuna amene ndinakhala naye zaka khumi ndi chimodzi ndinkalephera kumuloza.

"Bambo, sindikuwazindikira," ndinatero, misozi ili chuchuchu.

Sanandiyang'ane. "Mwawerama kwambiri, Amayi. Tsamirani kumpandoko. Khutu lisiyeni kaye."

Ndinatsamira. Anakhudza kachitsulo ka chibokosi, kungokasuntha ngati kambewu ka mpiru. Mpando unayamba kunjenjemera mofatsa kumsana kwanga, kunjenjemerako n'kudutsa m'nthiti mpaka m'chifuwa.

Pomwepo ndinapezeka ndili pa kaliyala wa njinga, tikutsetsereka kupita ku Kawale kwa apongozi, chifuwa changa chitagunda msana wake. Akamapalasa ankang'ung'udza nyimbo za kwaya, mphepo n'kumaulutsa mawuwo, koma ine ndinkawamva akutuluka m'nthiti zake kulowa mu zanga. Anali ndi kakunjenjemera kena pothera pa mzere, akamatsikira pansi penipeni pomwe anzake atatu aja sankafika. M'minibasimo, kakunjenjemera komweko kanabwera kumsana kwanga. Mzere wotsatira kanabweranso.

"Ndikwezeko pang'ono?" anafunsa bambo uja, sikuludalaiva ili m'manja.

"Ayi, musakhudzenso," ndinatero. "Ndi awa. Asiyeni amalize."