Anabwerera M'kalasi ndi Thumba Pamimba

Marjorie atatsitsimuka, dzanja lake linakhudza thumba la pulasitiki lomatidwa kumanzere kwa mimba yake. Namwino anamuuza mofatsa kuti kuyambira tsiku limenelo chimbudzi chizitulukira mmenemo. Marjorie anangotembenukira kukhoma. Ngakhale mphamvu yolirira analibe.

Mayiyu anali mphunzitsi wa pulayimale, wokhala ku Masasa. Ana ake atafika ku sekondale, iye analowa yunivesite mumzinda momwemo wa Mzuzu kuti apeze digiri. Ali m'chaka chomaliza anayamba kuona magazi akapita kuchimbudzi. Pachipatala china anamuunika m'matumbo ndi kapaipi kokhala ndi kamera kunsonga, kolowetsera kunjira ya chimbudzi. Anapeza kachotupa, nkukachotsa pomwepo, ndipo anamulola kubwerera kunyumba.

Kutacha, mimba inali itauma gwa, thupi likutentha. Mwamuna wake, Herbert, anathamangira naye kuchipatala. Dokotala sanabise kanthu: pochotsa chotupa chija thumbo linabooka, ndipo zoipa zinkatayikira m'mimba. Anati zoterezi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika opaleshoni siidikira mawa. Anadula chigawo chowonongeka, kutsuka m'mimba monse, nkutulutsira thumbo pakhungu kuti m'kati mupole kaye.

Anzake akulemba mayeso, Marjorie ankaphunzira kuyenda kuchokera pabedi kukafika pakhomo. Thumba nthawi zina linkamatuka, khungu nkusupuka. Kutchalitchi anasiya kupita. Tsiku lina anauza Herbert kuti mabuku ake onse akapatse ena, iye za sukulu watopa nazo.

"Anyina Wezi," anatero Herbert, pomutchula ndi dzina la mwana wawo, uku akupukuta fumbi pamabukuwo, "dokotala anadula thumbo, mutu sanaukhudze. Mabuku awa sachoka m'nyumba muno."

Chaka chotsatira Marjorie anabwerera kusukulu. Sikuti analimba mtima ayi. Anangotopa ndi kugona. Ankakwera kabaza m'chifunga cha m'mawa, dzanja lili pamimba, akuluma mano pa bampu iliyonse. M'kalasi ankakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo sankadya mpaka ataweruka.

Tsiku lina m'kalasi muli zii, thumba lija linatulutsa mpweya mwaphokoso. Achinyamata ena anaphulika nako kuseka. Marjorie anafuna kuthawa, koma anakhalabe pampando pake. Kubisa nako kunali kutamulemetsa.

"Ana anga, limenelo ndi thumbo langa," anatero ali chikhalire. "Linabooka, madokotala sanamalize kulikonza. Tiyeni tipitirize."

Palibe anasekanso. Potuluka, mtsikana wina dzina lake Tamara anamutsatira nkumuuza kuti bambo ake ku Nkhata Bay ali ndi thumba lotero, ndipo amakana kutuluka m'nyumba. Marjorie anayankhula nawo bambowo pafoni. Anawauza kamatidwe ka thumba kuti lisadonthe, ndiponso kuti iye amakwera nalo kabaza tsiku ndi tsiku. Lamulungu lotsatira bambowo anapita kukapemphera.

Patchuthi Marjorie anagonanso pabedi la opaleshoni. Ankaopa kwambiri, koma madokotala analumikiza thumbo bwinobwino, thumba nkuchoka. Anamuuzanso kuti chotupa chija chikanasiyidwa, chikanasanduka khansa.

Marjorie anamaliza maphunziro anzake oyamba nawo atapita kalekale. Tsiku lolandira digiri, achibale atadzaza pabwalo ku Masasa, anangokwanitsa kuthokoza m'Chitumbuka kuti "yewo chomene". Kenako anavula nsapato, nkugona tulo pampando, gauni ili m'thupi.

Inu amene matenda akuimitsani pakati pa ulendo, mwina lero mukuwerenga izi muli gone, bala likuwawa, anzanu akukupitirirani. Kutopa si mlandu. Pumulani, lirani ngati misozi ilipo, mverani madokotala. Koma mphamvu ikabwerera, ngakhale yochepa yongofikira pakhomo, dzukani muyende nayo yomweyo. Osataya mtima.