Mkanjo wa Ababa

Ababa anali telala pa msika wa Kabwata kuyambira ine ndisanabadwe, koma mwana wawo ndinafika pokhala mayi wa ana awiri ndisakudziwa ngakhale kuika batani. Sunali ulesi ayi. Ndi iwo amene sankafuna. Ndili wamng'ono ndinkadzera ku kashopu kawo ndikaweruka kusukulu, ndipo ndikangoti nditole singano ankandilanda.

"Siya. Iyi yandipinda msana ine, zakwana. Iwe gwira cholembera."

Anabwera ku Lusaka ali mnyamata kuchokera ku Machinga, ndipo ankafuna kuti mwana wawo asadzavutike ngati iwo. Amayi anamwalira ndili kusekondale, tinatsala awiri. Cholembera ndinachigwiradi. Ndinapeza ntchito mu ofesi ina ku Kabulonga, ndinakwatiwa, tinakakhala ku Chelstone. Chovala cha mwana chikang'ambika ndinkangochiponya m'chikwama, Loweruka n'kupita nacho ku Kabwata.

Chaka chimene ndikunenachi, kuzizira kutangoyamba, anandiimbira foni mnzawo wa Ababa, telala wa ku Luapula amene shopu yake inali yogundana ndi yawo.

"Bwela ku chipatala, mwana wanga. Ba tate bako bagwa pa mashini."

Inali sitiroko. Patatha milungu itatu anatuluka, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka. Mawu ankatuluka amodziamodzi, ena osamveka. Azakhali, mlongo wawo wamng'ono, anasiya nyumba yawo ku Kaunda Square n'kudzakhala nawo. Ine ndinkabwera ndikaweruka kuntchito ndiponso kumapeto kwa mlungu, minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwerera.

Chimene chinatigonjetsa chinali kuwaveka. Mkono wakufawo unapindika n'kuuma pachifuwa. Kuti ulowe m'malaya tinkachita kuukoka, iwo akubuula, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Azakhali anatopa nazo, anayamba kumangowafunditsa chitenje. Koma Ababa anali munthu wosita ngakhale kampango ka m'thumba. Alendo akabwera kudzawazonda n'kuwapeza ali m'chitenje, ankatembenukira kukhoma mpaka alendowo atapita.

Loweruka lina ndinatenga sizasi ndi malaya awo abuluu. Ndinawadula kuyambira m'munsi, mbali yakumanja, kudzera m'khwapa mpaka kumapeto kwa mkono. Malayawo anali osoka iwo eni. Anandiyang'ana ndikudula, osaphethira. Titawaveka analowa bwinobwino popanda kubuula, ndipo mbali yodulayo ndinaigwiriza ndi mapini. Tsiku limenelo anakhala pakhonde koyamba.

Titangowachapa kawiri, m'mphepete modulamo munayamba kuyoyoka. Ulusi unkalendewera ngati ndevu za chimanga. Ndinawapeza akuukoka ndi dzanja lamanzere, nkhope itakwinyika. Atandiona analoza pamwamba pa kabati. Panali chitini chakale cha mabisiketi. M'menemo munali singano, ulusi wamitundumitundu, choko, ndi kachipewa kachitsulo kovala kuchala.

"Khala," anatero.

Sanandipatse malayawo. Analoza thumba la tizidutswa ta nsalu, ndinatulutsa kansalu koyera. Nditatenga ulusi woyera anapukusa mutu, n'kuloza wofiira. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti ankafuna kuti cholakwika chilichonse chizioneka. Ndinasolola ulusi wautali ngati chingwe choyanikira zovala. Anandigwira dzanja, n'kundikhudza kunsonga ya chala, kenako pachigongono. Ulusi uzilekezera pamenepo. Ukatalika umapotana.

Kuti ulusi ulowe pa diso la singano panatenga nthawi. Iwo ankangopuma mwamphamvu.

Msoko umene anandiphunzitsa ankautcha wokulunga. Ndi woyamba kwa aliyense wophunzira, ndipo ana a matelala amaudziwa asanayambe sukulu. Umapinda mphepete ya nsalu pang'ono, mfundo n'kuibisa m'kati mwa mpindowo. Singano imalowa kumbuyo n'kutulukira kutsogolo. Ulusi umadutsa pamwamba pa mphepete kubwerera kumbuyo, singano n'kulowanso pafupi ndi pamene inalowa poyamba. Ukamapitiriza, ulusi umakulunga mphepete yonse, timizere tating'ono topendekera mbali imodzi. Kufotokoza kwake n'komweko. Koma Ababa analibe mawu ofotokozera, ndipo dzanja lodziwa ntchitoyo linali litagona pachifuwa. Anatenga singano ndi lamanzere kuti andionetse, ine nditagwira nsalu. Singano inaterereka n'kugwa pansi. Tonse tinaiyang'ana ili pasimenti. Sanayesenso.

Choncho anandiphunzitsa ndi mawu atatu. Ndikatalikitsa ankati, "Pafupi." Ndikakoka kwambiri nsalu n'kukwinyika ankati, "Pepuka." Ndikamaliza mzere ankautengera kumaso, n'kuuyendetsa chala chachikulu, kenako ankati, "Masula."

Ndinamasula mizere yambiri. Timizere tanga tinkayenda ngati mapazi a nkhuku, ena aatali, ena aafupi, ena oyang'ana kwina. Chala chinatupa chifukwa kachipewa kachitsulo kaja kankandikulira. Ndinkanyamula tinsalu m'chikwama n'kumasoka pa nthawi ya nkhomaliro kuofesi, anzanga akundiseka kuti ndafuna kutsegula shopu. Patatha milungu iwiri anandilola kugwira malaya abuluu aja.

Ndinawasoka Lamlungu lonse. Ndinali wotopa. Mwana wanga wamng'ono anali ndi chifuwa, amuna anga anali atayamba kudandaula kuti pakhomo sindikuonekanso, ndipo kuntchito anali atandichenjeza za kuchedwa. Dzuwa likupendeka ndinamaliza mbali yonse mpaka kumkono, ndinaikanso tizingwe tomangira m'malo mwa mapini. Ndinawapatsa n'kupita kukhitchini kukawatenthetsera madzi. Pobwera ndinapeza atapana malayawo ndi bondo, akumasula msoko wanga ndi mano. Anali atafika kale pakati. Malovu ankatsikira pansalu kuchokera mbali yopotoka ija.

Ndinaika beseni pansi mwamphamvu, madzi n'kutayikira.

"Ababa, tsiku lonse ndakhalira chimenechi. Mukufuna chiyani kwa ine? Munandikaniza ndinu. Nthawi imene manja anu anali abwino simunafune kundionetsa. Lero mukufuna ndidziwe pa mwezi umodzi zimene munandibisira zaka zonsezi?"

Azakhali anatulukira kuchipinda. "Iwe, ukuyankhula ndi bambo ako."

Ababa anasiya malaya aja kugwa. Anayang'ana pansi, kachidutswa ka ulusi kali pamlomo. Ndinatenga chikwama changa n'kutuluka. M'minibasi yopita m'tauni ndinalira mpaka kondakitala anasiya kundifunsa kumene nditsikire.

Masiku anayi sindinapiteko. Ndinkaimbira azakhali kufunsa ngati adya, ngati amwa mankhwala. Tsiku lachisanu azakhali anati, "Akungoyang'ana kuchitseko. Ngati wakwiya, bwera udzakwiyire konkuno."

Ndinawapeza pakhonde atavala malaya omwe aja, theka losoka, theka likuyoyoka. Azakhali anati anakana kuvala china chilichonse. Ndinagwada kuwapatsa moni. Anandigwira pamutu, n'kunena mawu angapo motsatizana, ambiri kuposa amene ankanena masiku amenewo. Sindinamve.

"Mwati bwanji, Ababa?"

Anabwereza. Lilime linkawalemera, mawu ankangogundana. Nditafunsa kachitatu anatukula dzanja kusonyeza kuti zisiye. Mpaka lero sindidziwa chimene ananena. Inenso sindinapepese. Ndinkati ndidzapepesa tsiku lina akadzapezako bwino, kuti tidzakambirane ngati anthu awiri.

Ndinamaliza malayawo ali m'thupi mwawo, nditakhala pa kampando pambali pawo. Nditayang'anitsitsa mbali imene sanamasule ndinaona chimene anaona iwo. Ndinkathamanga, ndipo timizere tinatalikirana moti chala chikanalowa. Sizikanapirira kuchapa kuwiri. Ndinamasula ndekha n'kuyambiranso.

Miyezi yotsatira ndinatsegula malaya asanu ndi mathalauza awiri. Dzanja linayamba kuzolowera. Ndinaphunzira kuika chigamba ndi msoko womwewo, ndinasoka pilo wawo amene anaphulika, ndi thumba la yunifolomu ya mwana wanga. Tinkakhala pakhonde nthawi yaitali, ine ndikusoka, iwo akuyang'ana zala zanga, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala mumsewu. Anthu opita kumsika ankaima pampanda kuwalonjera.

Tsiku lina analoza sutikesi ya pansi pa bedi. M'menemo munali mkanjo wawo woyera wopita nawo kumzikiti, wokhala ndi maluwa a ulusi pakhosi amene anapeta okha.

"Lachisanu," anatero.

Chigwereni anali asanapiteko kumzikiti. Mkanjo ndi wovala kudzera kumutu, ndipo ndi mkono umene uja zinali zosatheka. Panafunika kuudula kuyambira paphewa.

"Ababa, uwu ndiuononga. Bwanji tiupereke kwa anzanu aja ausoke pa makina?"

Anapukusa mutu n'kundiloza ine.

Ndinagwira sizasi nthawi yaitali ndisanadule. Anandisonyeza ndi choko, mzere wokhotakhota wa dzanja lamanzere, kuti ndidutse pambali pa maluwa aja. Unanditengera masiku asanu ndi limodzi. Ulusi woyera pa nsalu yoyera umawawitsa maso, ndipo ndinkasamba m'manja kawirikawiri kuopa kuudetsa. Nditamaliza anauyendetsa chala kuyambira paphewa mpaka m'munsi, pang'onopang'ono. Ulendo uno sanati, "Masula." Anaupinda ndi dzanja limodzi n'kuuika pamiyendo.

Lachisanu ndinapempha tchuthi kuntchito. Mnzawo wa ku Luapula uja anatseka shopu n'kubwera kudzakankha njinga ya olumala imene tinabwereka. Iye ndi Mkhristu, koma anati adzawafikitsa pachipata n'kuwadikira panja. Titawaveka mkanjo ndi kofia, mnzawoyo anawerama n'kutembenuza mphepete ya nsalu monga amachitira matelala.

"Nindani anasoka ichi?"

Ababa anandiloza ndi chibwano.

"Apa pa pewa pali bwino maningi. Kuno kunsi anayamba kulema." Anandiyang'ana. "Koma chizagwila. Sichizamasuka."

Ababa anaseka ndi theka la pakamwa. Ndinaima pampanda kuwayang'ana akupita, njinga ikudumpha m'maenje, mnzawoyo akuwerama kuwauza nkhani za kumsika. Pobwera anali otopa kwambiri moti sanadye, koma anakana kuvula mkanjo mpaka dzuwa litalowa.

Anapitako Lachisanu katatu. Mlungu wachinayi sitiroko inabweranso m'mawa, azakhali akuwapatsa tiyi. Ndinali m'minibasi pa Great East Road pamene foni inalira, ndipo pofika ine kuchipatala anali atapita. Tinawaika tsiku lomwelo madzulo, monga mwa chipembedzo chathu.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi abale anagawana zovala. Majekete ndi nsapato zinapita msanga. Zimene ndinatsegula ine zinatsala pamkeka, chifukwa munthu wa manja awiri sakanazivala. Msuweni wanga wina anatola malaya abuluu, anaona tizingwe, n'kuwabwezera pansi mwaulemu.

Panali mayi wina amene ankapemphera ndi azakhali, wogulitsa tomato pamsika. Mwamuna wake nayenso anafa mbali yakumanja chaka chomwecho. Anthu atachepa anayandikira n'kufunsa motsitsa mawu ngati zovalazo zili ndi mwini. Azakhali anamupatsa malaya onse ndi mathalauza. Atagwira mkanjo ndinati, "Umenewo ayi, azakhali."

"Ukauika m'sutikesi udzavala ndani? Bambo uja chigwereni sanapondeko kumzikiti."

Ndinaugwira kanthawi, kenako ndinaupereka. Usiku umenewo ndinawakwiyira azakhali, ngakhale ndinkadziwa kuti sanalakwe.

Patapita mwezi ndinapita ku Kabwata kukalongedza katundu wotsala, chifukwa nyumbayo inali yoti mulowe anthu ena. Mayi uja anamva kuti ndabwera, anafika ndi malaya awiri a mwamuna wake m'chitenje. Anati zovala zija zathandiza, koma akufuna adziwe kutsegula yekha. Mipando inali itapita kale, choncho tinakhala pasimenti pakhonde. Ndinamuonetsa kupinda mphepete, kubisa mfundo, ndi polowera singano. Anali ndi dzanja lopepuka, anagwira msanga kuposa ine. Anandifunsa kuti ndinaphunzira liti, ndinamuuza kuti chaka chomwechi. Anadabwa, poti ankayesa kuti mwana wa telala amabadwa akudziwa.

Mitambo itayamba kuda anakulunga malaya ake, mkono umodzi usanathe, nati akamalizira kunyumba chifukwa wodwala anamusiya yekha. Ndinamupatsa singano ziwiri ndi ulusi. Atapita ndinasesa m'zipinda zonse, ndinatseka mawindo, makiyi n'kuwasiya kwa aneba. Mvula inandipeza ndili pa siteji, ndikudikira minibasi ya m'tauni.